Rubens, mmisiri amene sanaleke kuphunzira

Kuno ku Entre Lagos, pakati pa nyanja za Chirua ndi Chiuta, mwana amaphunzira kuluka mono poyang'ana manja a atate ake. Ojambula zithunzi nawonso amaphunzira potsanzira akuluakulu. Mmodzi wa iwo anali Peter Paul Rubens.

Rubens anabadwa mu 1577 ku Siegen, m'dziko la Alemanha. Atate ake atamwalira mu 1587, amai ake anapita ndi ana ku mzinda wa Antwerpen, umene lero uli m'dziko la Bélgica. Kumeneko mnyamatayo anaphunzira kujambula kwa amisiri atatu.

Masiku amenewo utoto unali kupangidwa pamanja. Ophunzira anali kupera dothi ndi miyala yamitundumitundu, nasakaniza ufawo ndi mafuta a njere za fulakesi. Pojambula nkhope, anali kuyamba ndi utoto wofiirira. Pamene pali mthunzi anali kupaka pang'ono, pamene pali kuwala anali kupaka wocuruka. Utoto wamafuta umacedwa kuuma, conco nchitoyi imafuna kudekha.

Mu 1600 Rubens anapita ku Itália. Ku Veneza anaona zithunzi za Tiziano, mmisiri amene anamwalira mu 1576. Anazikonda kwambiri. Anabwerera kwao mu 1608 atamva kuti amai ake akudwala, koma anapeza atamwalira kale.

Mu 1628 anatumidwa ku Madrid kukathandiza pa nkhani za mtendere pakati pa Espanha ndi Inglaterra. Anali ndi zaka 51 ndipo mafumu anali kumulemekeza. Komabe anakhala pansi m'nyumba ya mfumu Filipe IV, nayamba kutsanzira zithunzi za Tiziano monga mwana wophunzira. Anafuna kudziwa m'mene mkuluyo anali kupatsira moyo khungu ndi maso a munthu.

Cimodzi mwa zithunzizo cinali ca mfumu Carlos V ndi mkazi wake Isabel, mwana wa mfumu ya Portugal. Cimene anajambula Tiziano cinatayika. Lero timacidziwa cifukwa ca cija anatsanzira Rubens, cimene cimasungidwa ku Madrid.

Rubens anamwalira ku Antwerpen mu 1640.

Mafunso

1. Kodi utoto wamafuta unali kupangidwa bwanji?
2. N'cifukwa ciani Rubens anatsanzira Tiziano ali wamkulu kale?
3. Ndi luso lanji limene inu mwaphunzira poyang'ana akulu kwanu?