Louis Martin ndi Ana Ache Asanu

Louis Martin anabadwa m'chaka cha 1823 m'mzinda wa Bordeaux, m'dziko la France. Atakula anaphunzira nchito yokonza mawotchi, natsegula sitolo yache m'mzinda wa Alençon. M'chaka cha 1858 anakwatira Zélie Guérin, mkazi wakhama, wodziwa kuluka ndi singano nsalu zokometsera zobvala. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi anai, koma anai anamwalira ali aang'ono. Otsalawo anali akazi okhaokha, maina ao ndiwo Marie, Pauline, Léonie, Céline, ndi mzime wao Thérèse.

Pa 28 Ogasiti 1877 mai wao anamwalira ndi chotupa cha m'bere. Pamenepo Marie anali wa zaka 17, Pauline 15, Léonie 14, Céline 8, ndi Thérèse 4. Louis anatsala yekha ndi ana asanu, ali wa zaka 54. Tsiku loika maliro Céline anathamangira kwa Marie, namsankha kuti akhale mai wache, ndipo Thérèse anasankha Pauline. Atsikana awiriwo anali asanakhwime, koma anabvomera kusenza katundu wa anthu akulu.

Kuno ku nyanja, mai akamwalira, anthu amayang'ana kwa malume a ana. Louis anaganiza chimodzimodzi. Ku Alençon kunali abwenzi ache ndi manda a mkazi wache, koma anasiya zonsezo, nasamukira ku Lisieux m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho, kuti ana akhale pafupi ndi malume ao Isidore Guérin, wogulitsa mankhwala, ndi mkazi wache. Ana sanawagawe kwa abale, wina uku wina uko, koma anawalera onse pa khomo limodzi.

M'nyumbamo munthu ali yense anali ndi nchito yache. Marie anasunga nyumba. Pauline anadzutsa Thérèse m'mawa, nambveka, napemphera naye, namphunzitsa kuwerenga. Masana atate anatenga mwanayo kukayenda, ndipo akakomana ndi mmphawi anapatsa mwanayo ndalama kuti apereke ndi dzanja lache. Louis anakondanso kuwedza nsomba ndi mbedza, monga achitira anyamata pa gombe la Shire, ndipo masiku ena Thérèse anamperekeza ku mtsinje, nakhala chete pa msipu. Madzulo onse anasonkhana, atate nayimba, akulu nawerenga buku, ndipo anagwada pamodzi kupemphera asanagone.

Pauline anakonda mng'ono wache, koma sanamlekerere. Sanamdzudzule popanda chifukwa, ndipo akanena mau sanawabweze. Pofuna kumchotsa mantha anamtuma yekha usiku kukatenga kanthu m'chipinda chamdima. Tsiku lina Thérèse anabvutika mtima atamva kuti kumwamba ena adzalandira ulemerero woposa anzao. Pauline anamtuma atenge chikho chachikulu cha atate ao, ndi kachitsulo kache kobvala ku chala posoka. Anathira madzi m'ziwirizo kufikira pakamwa, namfunsa chimene chinadzala koposa. Mwanayo anaona kuti zonse zadzala, ndi kuti wamng'ono alibe chifukwa chochitira nsanje wamkulu.

Léonie ndiye anali mwana wobvuta. Anali wodwaladwala, wosagwira msanga maphunziro, ndipo kusukulu anambweza. Mai wao ali moyo, Marie anazindikira kuti wanchito wina wa m'nyumba ankamuopseza ndi kumzunza m'seri, naulula kwa mai wao, ndipo nkhanzazo zinatha. Atakula, Léonie anayesa katatu moyo wa usisteri, nabwerera kwao katatu konse. Atate ndi abale ache sanamtsekere chitseko. M'chaka cha 1899 analowanso m'nyumba ya asisteri ku Caen, nakhalamo mokhulupirika kufikira imfa yache m'chaka cha 1941.

Chisoni china chinadza m'chaka cha 1882, pamene Pauline anapita kukakhala sisteri m'nyumba ya Carmel ku Lisieux. Thérèse anayamba kumva mbiriyi mwangozi, akulu ache alikukambirana, ndipo kunali kwa iye ngati kufedwa mai kachiwiri. M'chaka cha 1883 anadwala kwakukulu, ndipo Marie anamdwazika usana ndi usiku kufikira anachira. Mtima wa mwana wamasiye suchedwa kusweka, nchifukwa chache akulu ayenera kumuuza bwino zinthu zisanachitike.

Marie anatsata Pauline ku Carmel m'chaka cha 1886, ndi Thérèse m'chaka cha 1888, ali wa zaka 15. Louis anawalola, ngakhale nyumba inayamba kuzizira. Posachedwa iye anagwidwa ndi nthenda ya m'mutu, nayamba kuiwala ndi kusokera. Kuyambira 1889 kufikira 1892 anakhala m'chipatala cha odwala maganizo ku Caen, ndipo anthu ena ananena zonyoza. Koma ana amene iye anawalera sanachite naye manyazi. Léonie ndi Céline anayamba akhala pafupi ndi chipatalacho kuti azimuona, ndipo atatuluka, Céline anamsamala kufikira anamwalira pa 29 Julayi 1894. Pamenepo mpamene Céline analowa ku Carmel.

Mbiri ya banja ili ifika ndi ku dziko lino. M'chaka cha 1889 ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda, pafupi ndi pamene pali boma la Mangochi lero, nachokako m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1895 Pauline, ali mkulu wa nyumba ya Carmel, anapatsa Thérèse nchito yopempherera mnyamata wina wophunzira unsembe, dzina lache Maurice Bellière. Thérèse anampempherera, namlembera makalata omlimbitsa mtima, kufikira anamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1897, ali wa zaka 24. Mnyamatayo anakhala wansembe wa White Fathers, nafika kuno m'chaka cha 1902, nagwira nchito ku Likuni.

Thérèse ndiye amene Akatolika amcha Tereza Woyera wa Mwana Yesu, pakuti Eklezia anamwerenga pakati pa oyera m'chaka cha 1925. Louis ndi Zélie anawerengedwa pamodzi pa 18 Okutobala 2015.

Ana inu, m'midzi yathu muli atsikana ambiri amene abereka ang'ono ao kumbuyo, nawaphikira phala, nawasambitsa ku dooko, chifukwa mai anamwalira kapena ali kumunda. Nchito imeneyi anthu saichemerera, koma siili yaing'ono. Akulu amati m'mera mpoyamba. Tereza anayamba kudziwa chikondi cha Mulungu pa khomo la atate ache ndi m'manja mwa akulu ache.