Cornelius Chitsulo: Mwana wa ku Mua yemwe sukulu ya kumudzi idamufikitsa pa uepiskopi

Munthu akamatsika phiri la Golomoti kulunjika kunyanja, amaona chigwa chachikulu cha milambe, minda ya chimanga ndi midzi yotalikirana. Kuno n'kotentha, malungo sasowa, ndipo mvula ikachuluka mitsinje yochokera kumapiri a Dedza imasefukira mpaka ana kulephera kuwoloka popita kusukulu.

M'chigwa chomwechi, pafupi ndi mishoni ya Mua, m'chaka cha 1909 mudabadwa mwana yemwe adadzakhala wansembe woyamba wachikuda wa mpingo wa Katolika m'dziko muno, kenaka episkopi woyamba wa Chimalawi. Dzina lake ndi Cornelius Chitsulo.

Pomwe a Chitsulo amabadwa n'kuti mishoni ya Mua ili ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazikitsa m'chaka cha 1902 m'dera la mfumu Kachindamoto. Aka sikadali koyamba kuti ansembewa ayese mwayi kuno, pakuti m'chaka cha 1889 adafika kwa Mponda ku Mangochi, koma zinthu zitavuta adachokako mu 1891.

Atabweranso, ansembewa adazindikira kuti njira yolowera m'midzi idali sukulu. Sukulu zake sizidali ngati zamasiku ano. Kadali kachisakasa ka udzu komwe anthu a m'mudzi amamanga okha, ndipo mphunzitsi wake adali katekisiti yemwe naye adangophunzira pang'ono pamishoni. Ana amakhala pansi n'kumaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu.

Boma la atsamunda silidali ndi sukulu zakezake zoti ana a m'midzi aphunziremo, ndipo thandizo lomwe limapereka kumamishoni lidali lochepa zedi. Ndalama zogulira mabuku, masileti ndi zolipira aphunzitsi zimachokera kwa akhristu akufuna kwabwino a ku Ulaya, omwe amasonkha kudzera m'mabungwe a mpingo. Anthu akumudzi amapereka malo, mitengo, udzu ndi mphamvu zawo. Mbali imodzi ikafooka, sukulu imatsekedwa.

Sikuti aliyense adazilandira ndi manja awiri sukuluzi. Dera la Mua lidali chimake cha gule wamkulu, ndipo akuluakulu ambiri amaona kuti sukulu ikuwalanda anyamata oyenera kupita kudambwe. Mkangano pakati pa amishoni ndi anyau udakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920. Makolo enanso amafuna ana awo azilima, kuweta mbuzi kapena kupita kunyanja m'malo motaya nthawi ndi zilembo.

M'nyengo yotereyi ndi momwe Cornelius adakulira n'kuyamba sukulu. Ansembe ataona nzeru zake adamutenga kuseminale yaing'ono, sukulu yokonzekeretsa anyamata ofuna unsembe. Kumeneko maphunziro adali olimba, pakuti mwana wakumudzi amayenera kudziwa ngakhale Chilatini, chiyankhulo chomwe chimagwiritsidwa ntchito pa Misa masiku amenewo.

Poti m'dziko muno mudalibe seminale yaikulu, chifukwa ya Kachebere ku Mchinji idatsegulidwa mu 1939, a Chitsulo adatumizidwa ku Kipalapala pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, lomwe lero ndi Tanzania. Kudali kutali ndi kwawo, ndipo maphunziro ake adali a zaka zambiri. Iwo adapirira mpaka pa 5 September 1937 pomwe adadzozedwa unsembe ali ndi zaka 27.

Kwa anthu a ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, ichi chidali chinthu chachilendo. Kufikira nthawiyo, wansembe aliyense yemwe adamuonapo adali mzungu. Tsopano mwana wa m'mudzi mwawo, woyankhula Chichewa chakwawo, adaima paguwa. Kholo lomwe limakayikira phindu la sukulu lidapeza yankho looneka ndi maso.

Pomwe iwo amaphunzira, zinthu pankhani ya maphunziro zidayamba kusintha. M'chaka cha 1924 kudabwera nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America kudzayendera sukulu, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro. Kuyambira pamenepo, sukulu yofuna thandizo la boma imayenera kukhala ndi aphunzitsi osulidwa bwino. Naye nthumwi ya Papa, Arthur Hinsley, poyendera maiko a mu Africa olamulidwa ndi Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, adalangiza amishoni kuti aike sukulu patsogolo pa ntchito zawo zonse.

Choncho wansembe wa nthawi imeneyo samangolalikira. Amayenda m'midzi wapansi kapena panjinga kuyendera sukulu, kulipira aphunzitsi, kukambirana ndi mafumu za malo ndi kukopa makolo kuti atumize ana. Bambo Chitsulo adatumikira ngati wansembe kwa zaka pafupifupi 20.

M'chaka cha 1956, Papa Pius XII adadula dera la Dedza kuchoka ku Likuni kuti liziima palokha, ndipo adasankha a Chitsulo kuti alitsogolere. Adadzozedwa uepiskopi pa 5 May 1957, kutatsala zaka zisanu ndi ziwiri kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira. Pa 25 April 1959, Dedza idakhala dayosizi yokhazikika ndipo likulu lake lidali ku Bembeke.

Udindowu udali wolemera. Dayosiziyi imafika ku Dedza, Ntcheu ndi mbali ina ya Salima, madera a alimi ang'onoang'ono omwe chopereka chawo sichikadakwanira kuyendetsa sukulu, zipatala ndi maparishi. Ambuye Chitsulo adayenera kusunga ubale ndi abwenzi akunja komanso zipani za amishoni, monga abulazala a Marist omwe adafika ku Mtendere mu 1946, uku akukonza zoti ntchitoyo idzakhale m'manja mwa Amalawi.

Chimodzi mwa zomwe adasiya ndi chipani cha masisitere a Chimalawi cha Presentation of the Blessed Virgin Mary, chomwe adachiyambitsa mu dayosizi yake. Masisiterewa adalowa m'ntchito za uphunzitsi ndi zaumoyo. Kwa mtsikana wakumudzi, kuona mayi wa mtundu wake ataima kutsogolo kwa kalasi kudali chilimbikitso, makamaka m'madera momwe atsikana amakwatiwa akadali aang'ono. M'nthawi yawo yomweyi dayosiziyi idapezanso seminale yaing'ono yakeyake ya St Kizito.

Ambuye Chitsulo adali m'gulu la maepiskopi omwe adakhala nawo pamsonkhano waukulu wa Vatican II ku Rome, womwe udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Msonkhanowu ndiwo udatsegula khomo loti Misa izichitika m'ziyankhulo za anthu eni ake. Munthu yemwe adavutika kuloweza Chilatini ali mnyamata adaona akhristu ake akupemphera m'Chichewa.

Iwo adamwalira pa 28 February 1984 atatsogolera Dedza kwa zaka 27, ndipo adalowedwa m'malo ndi Ambuye Gervazio Chisendera.

Patapita zaka khumi, mu 1994, boma lidachotsa fizi m'sukulu zapulayimale ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda ndi aphunzitsi zidaperewera, ana ambiri n'kuyamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Apa mipingo, mabungwe othandiza ndi makolo oumba njerwa adafunikanso monga zidalili masiku a zisakasa za udzu.

Lero alendo ambiri amapita ku Mua kukaona malo a zachikhalidwe a Kungoni, omwe adakhazikitsidwa mu 1976 ndipo amasunga mbiri ya gule wamkulu yemwe uja adalimbana ndi sukulu. Pamishoni pomwepo palinso sukulu ya ana osamva. Ambiri mwa ana omwe amadutsa pamenepo m'mawa, makope ali m'jumbo, ndi ochokera m'midzi yofanana ndi momwe a Chitsulo adabadwira zaka zoposa 100 zapitazo.