HENRY MAUDSLAY, MMISIRI AMENE ANAGWIRIZANITSA BAUTI NDI NATI

Mlimi akataya nati ya pa khasu la ng'ombe kapena pa njinga, amangopita kusitolo nakagula ina, ndipo imalowa bwino lomwe. M'zaka za m'ma 1700 sizinali tero ai. Mazinga anali kusemedwa pamanja ndi tupa, kotero kuti bauti iriyonse inali ndi nati yace-yace. Zikasokonezeka, nchito yaima. Mmodzi wa amene anathetsa bvutoli ndiye Henry Maudslay wa ku England.

Iye anabadwira ku Woolwich m'caka ca 1771. Pofika zaka 12 anali kale pa nchito yothira onga m'zipolopolo, ndipo pambuyo pace analowa m'cipala naphunzira kusula. Ali ndi zaka 18 analembedwa nchito ndi Joseph Bramah, wopanga maloko mu London. Mu 1797 anapempha kuti amuonjezere malipiro, amene anali masheleni 30 pa mlungu. Bramah anakana, ndipo kuumirako kunamtayitsa mmisiri woposa onse amene anali nao, pakuti Maudslay anacoka nakatsegula nyumba yaceyace ya nchito.

Kumeneko, ca m'ma 1800, anakonza makina osemera mazinga ochedwa lathe. Nzeru yace inali iyi: dzanja la munthu limatopa ndi kunjenjemera, tsono mpeni wosemera citsulo anaumanga pa cogwirira colimba, coyendetsedwa ndi bauti yaitali yamazinga olongosoka. Citsulo cirikuzungulira, mpeni unali kusendera pa muyeso umodzi wosasintha, ndipo posintha magiya mmisiri anali kupeza mazinga akulu kapena ang'ono. Motero bauti ya lero inafanana ndi ya mawa.

Anapanganso makina oposa 40, olinganizidwa ndi Marc Brunel, opangira timagudumu tokokera zingwe za zombo zankhondo ku Portsmouth. Pofika 1808 anali kuturutsa 130,000 pa caka, ndipo anthu 10 anacita nchito ya amisiri 110, cinthu cokondweretsa boma koma cowawa kwa enawo.

Maudslay anamwalira mu February 1831, atadwala ndi kuzizira pobwera ku France. Joseph Whitworth, amene anagwirapo nchito kwa iye, ndiye anakhazikitsa mu 1841 muyeso wa mazinga umene unafala m'Britain monse.