Dr. John Kirk, Sing'anga Wojambula Zithunzi

Mapiri amene ayambira kuno ku Mwanza, napitirira ku Neno kufikira ku Ncheu, pa mapu alembedwa Kirk Range. Makolo athu anali nao maina a phiri liri lonse, ndipo maina amenewo ndiwo enieni. Koma popeza ana a sukulu amafunsa kuti Kirk ameneyu ndani, tayesa nkwabwino kufotokoza mbiri yace m'buku lino la cikondwerero.

John Kirk anabadwa pa 19 December 1832 ku Barry, m'dziko la Scotland. Atate wace anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira using'anga ku Edinburgh, nakatumikira odwala pa nkhondo ya ku Crimea. M'caka ca 1858 anatsagana ndi Dr. David Livingstone ku Zambezi, kuti akhale sing'anga wa paulendo ndi wofufuza mitengo ndi zitsamba.

Nchito yojambula zithunzi sinali yace ai. Anaipatsa Charles Livingstone, mng'ono wace wa David. Koma njira yace inali ya magalasi onyowa ndi mankhwala, yofuna malo a mdima ndi madzi oyera pomwepo, ndipo m'kutentha kwa ku Nyungwe zinatheka zowerengeka zokha. Kirk anadza ndi bokosi la iye mwini, najambula pa pepala lopaka phula la njuci. Pepalalo anali kulikonzeratu, nalinyamula louma m'katundu. Bvuto lace linali lakuti linacedwa kulandira kuunika, kotero kuti cinthu cojambulidwa cinayenera kukhala duu nthawi yaitali. Munthu amaphethira, mwana amaceuka, mlambe sutero. Cifukwa cace zithunzi zace za ku Zambezi ziri za mitengo, za nyumba za ku Tete, za mtsinje popanikizika pa Lupata, ndi za sitima ija yochedwa Ma Robert. Ziwerengedwa pakati pa zithunzi zoyamba za maiko ano. Komabe ife tidandaula pang'ono, pakuti tikadakonda kuona nkhope za anthu amene anapalasa mabwato ndi kusenza akatundu, koma tingoona mitengo imene anausapo.

Mu April 1859 anafika ndi Livingstone ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu September caka comweco ku nyanja yaikuru ya Malawi. Pobwera anadutsa pamtunda kucokera ku Shire kumka ku Tete, kumwera kwa ife kuno, nasauka kwambiri ndi ludzu. M'caka ca 1860 bwato lace linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali dziwe la Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma zolemba zace ndi zojambula zace za pamanja zinamka ndi madzi.

Pa 16 July 1861 anali pamudzi pa Mbame pamene anamasulidwa akapolo 84, ambiri akazi ndi ana, amene anali kupita nao ku Tete, amuna ali m'magoli. Anthuwo anakakhala ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero. Mu April 1862 Kirk anadwazika Mai Mary Livingstone ku Shupanga kufikira imfa yao, ndipo anawaika pafupi ndi mlambe waukuru. Iyenso anadwala kamwazi, nabwerera kwao m'caka ca 1863.

Zimene anaona kwa Mbame sanaziiwale. M'caka ca 1866 anatumidwa ku Zanzibar, kumene kunali msika waukuru wa akapolo, ndipo ambiri ogulitsidwa kumeneko anali anthu a ku nyanja yathu. Atakhala woimira boma la Britain, anaumiriza Sultan Barghash, ndipo mu June 1873 pangano linalembedwa loletsa kuolotsa akapolo panyanja, msikawo unatsekedwa. Pamalo pomwepo a mishoni ya U.M.C.A. anamanga nyumba ya Mulungu. Ukapolo sunathe tsiku lomwelo, pakuti kuno kumtunda magoli anakhalabe kufikira zaka za m'ma 1890. Koma khomo lalikuru linali litatsekeka.

Ku Zanzibar sanaleke kujambula, ndipo kumeneko anajambulanso anthu. Anamwalira pa 15 January 1922 ku Sevenoaks, m'dziko la England, ali ndi zaka 89. Zithunzi zace zina zisungidwa ku National Library of Scotland, mu mzinda wa Edinburgh.