George Simeon Mwase, Mlembi wa m'Ndende ya Zomba

George Simeon Mwase anali Mtonga wa kunyanja, wobadwa cha m'ma 1880, amene anaphunzira kwa amishoni a Livingstonia. Anagwira ukalaliki wa Boma zaka zambiri, nakhalanso mtsogoleri m'mabungwe a eni dziko a masiku aja. Koma ntchito imene tikumkumbukira nayo anaichita atagwa. M'chaka cha 1931 anamweruza kuti anadya ndalama za msonkho, namtsekera m'ndende yaikulu ya Zomba, kunsi kwa phiri.

M'menemo anakomana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a John Chilembwe, womangidwa chifukwa cha nkhondo ya mu 1915. Za nkhondoyo Boma linali litalemba kale: momwe anaphera William Jervis Livingstone ku Magomero pa 23 January, ndi momwe anatenthera mishoni ya Nguludi navulaza Bambo Swelsen. Zimenezi n'zoona, ndipo ife a Mpingo sitiziiwala. Komatu mwazi sunakhetsedwe mbali imodzi yokha. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February, tchalitchi chake cha ku Mbombwe anachigumula, midzi inatenthedwa, amuna ambiri anaphedwa ndi Boma, mazana ena naponyedwa m'ndende. Pamene bungwe la Boma linkafufuza mlanduwo, ambiri odziwa bwino mbali inayo anali m'manda kapena m'maunyolo.

Mwase anatchera khutu kwa wandende mnzakeyo, nalemba m'Chingerezi madandaulo amene anautsa nkhondoyo: kuwawa kwa thangata m'minda ya Azungu, kutenthedwa kwa nyumba zopemphereramo, ndi imfa za askari pa nkhondo ya Ajeremani imene sinali yao. Analembanso za moyo wa m'ndende momwe anauonera yekha.

Tisamkweze kopitirira. Sanaone nkhondoyo ndi maso ake. Anamva patapita zaka 16, ndipo akatswiri ena a mbiri amakayika mau ena amene anaika m'kamwa mwa Chilembwe. Inu akatekisti mudziwa kuti mboni imodzi siitha mlandu. Komabe popanda iye, mau a ogonjetsedwa akadatsala ochepa ndithu.

Mwase anamwalira m'chaka cha 1962 osaona zolemba zake zitasindikizidwa. Robert Rotberg ndiye anazitulutsa m'chaka cha 1967, m'buku lotchedwa Strike a Blow and Die.