Grace Hopper, Mayi Amene Anaphunzitsa Kompyuta Kumva Mawu

Ife ophunzira kuno ku Neno tikamalemba ntchito za m'kalasi pa kompyuta kapena kuwerenga phunziro la Sukulu ya Sabata pa tabuleti, timadyerera thukuta la anthu ngati Mayi Grace Hopper. Iwo anabadwira ku New York mu 1906, ndipo mu 1934 anatenga digiri ya udokotala wa masamu ku Yale.

Makompyuta oyambirira ankamva manambala okhaokha. Mu 1952 mayiwa anapanga A-0, pulogalamu yomasulira malangizo a munthu kuti makina awamve. Ambiri ankakayikira, koma iwo sanafooke. Ntchito yawo inathandiza kuti mu 1959 pabadwe chinenero cha COBOL, chomwe mabanki ambiri akugwiritsabe ntchito.

Anamwalira pa 1 Januwale 1992. Luso lawo sanalikwirire pansi, ndipo ifenso tisakwirire lathu.