Ansell, Mzungu Wowerenga Nyama

William Frank Harding Ansell anabadwa m'caka ca 1923. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, iye anadza ku Northern Rhodesia, dziko limene lero licedwa Zambia, nalowa nchito ya Boma yosunga nyama za m'thengo.

Masiku amenewo alenje anali kudziwa bwino njobvu, njati ndi mikango. Koma funso lakuti mitundu yonse ya nyama zoyamwitsa m'dziko muno ndi ingati linali lobvuta kuliyankha. Njobvu siibisika, ndipo nyamalikiti wa m'cigwa ca Luangwa, amene sapezeka kwina kulikonse, aonekera patali. Zosautsa ndizo nyama zazing'ono: mbewa za m'maenje, mileme ya m'mapanga, ndi mfuko imene ikumba pansi pa minda, yonga ija aidziwa ana a ku Kitwe ndi ku Ndola. Mbewa ziwiri zikhoza kufanana ubweya ndi msinkhu, koma poyang'ana mano ndi zigaza zace, nkupeza kuti ziri mitundu iwiri.

Cifukwa cace Ansell sanakhulupirire maso okha. Anali kuchera misampha, nayesa utali wa thupi, mcira ndi khutu la kanyama kalikonse, nasunga cikopa ndi cigaza cace, nalemba malo ndi tsiku limene kanagwidwa. Zina anazitumiza ku nyumba zosungiramo zotere kuti akazilinganize ndi za maiko ena. Inali nchito yotopetsa, yopanda ulemu umene anthu apatsa mlenje wopha mkango, koma iye anaigwira zaka zambiri.

M'caka ca 1960 Boma linasindikiza buku lace ku Lusaka, dzina lace Mammals of Northern Rhodesia. Sanalekere pomwepo. M'caka ca 1978 munaturuka lina, The Mammals of Zambia, lochula mitundu yoposa 200, ndi mapu osonyeza kumene nyamazo zipezeka. Atapuma nchito anakakhala ku Cornwall, ku England, ndipo m'caka ca 1988 iye ndi mnzace R. J. Dowsett anaturutsa buku la nyama za ku Malawi.

Pamene buku la 1978 linaturuka, zipembere zinali zikali kuyenda m'Luangwa. Koma opha nyama mwakuba anazisaka cifukwa ca nyanga zace, kufikira m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia simunatsale cipembere cakuda ngakhale cimodzi. Zimene ziri ku North Luangwa zinayamba kubwera nazo kucokera ku South Africa m'caka ca 2003.

Ansell anamwalira m'caka ca 1996, kuwerenga kusanathe. Patapita zaka zitatu, akatswiri ena anazindikira kuti mfuko ina ya kufupi ndi Lusaka iri mtundu wa payokha, umene sunalembedwe m'mabuku. Anaicha dzina la Ansell.